Kabuku ka zithunzi ka roller derby ka ana athu: tiyambire pati?

Madamu_Chisitu

Moni nonse. Ndimaphunzitsa Sitandade 7 kuno ku Mulanje, ndipo ndimayang'anira kalabu yowerenga. Ana agwirizana zoti teremu ino apange okha kabuku ka nthano ya zithunzi m'Chichewa, konga makatuni a m'nyuzipepala koma kotalikirapo. Nthano aipeka kale. Atsikana anayi asonkherana ndalama n'kugula nsapato za matayala peyala imodzi pa kaunjika ku Limbuli. Aona roller derby pa foni ya mchemwali wa mmodzi wa iwo ndipo ayamba kutengera. Kenaka phazi la amene amathamanga kuposa onse likula, nsapato zayamba kumuthina, koma akubisa chifukwa sakufuna kuzisiyira anzake.

Ojambula ndi ana awiri a zaka 13, owerenga ndi a zaka 10 mpaka 13. Ndithandizeni pa izi: masewerawa amayenda bwanji kwenikweni, poti pa vidiyo timangoona anthu akukankhana? Kabukuka kakhale ka masamba angati, ndipo tsamba alikonze motani? Tikufuna makope 80 pa fotokope, nanga titani kuti asatuluke akuda bii?

Achemwali_a_ku_Joni

Madamu, nditenge funso loyambalo, chifukwa mwana akapanda kumvetsa masewerawa ajambula ndewu, pamene si ndewu ayi.

Roller derby anaiyambitsa ndi Leo Seltzer ku Chicago mu 1935, koma mtundu umene ana anu aona pa foniwo ndi umene amayi anautsitsimutsa ku Austin, Texas, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Matimu ambiri amatsata malamulo a WFTDA, bungwe la roller derby ya amayi. Kufupi ndi ife matimu ake ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, choncho zoti mchemwali ali ndi vidiyo pa foni n'zomveka ndithu.

Bwalo lake ndi looneka ngati dzira, pafupifupi mamita 27 m'litali ndi 16 m'lifupi, ndipo mpita wothamangamo ndi wa mamita 4 kapena kuposera pang'ono. Bwalo la ntchemberembaye ndi 30.5 ndi 15.25, ndiye ana angathe kuyerekeza kukula kwake atangoima pabwalo la pasukulu. Onse amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, kutanthauza kuti phewa lamanzere limaloza mkati mwa bwalo. Ojambula asaiwale zimenezi. Akatembenuza m'bokosi limodzi lokha la chithunzi, wowerenga ayesa kuti mtsikanayo wabwerera m'mbuyo.

Timu iliyonse imalowetsa anthu 5. Mmodzi ndi jammer, amene amavala kansalu ka nyenyezi pa helemeti, ndipo ndi yekhayo amene amapeza mapointi. Anayi enawo ndi ma blocker. Mmodzi mwa anayiwo angakhale pivot, wa kansalu ka mzere pakati. Ma blocker a matimu onse awiri amayendera pamodzi m'chigulu chimene amachitcha pack, ndipo ma jammer awiri amayambira kumbuyo kwawo. Wezulo akalira, jammer aliyense amafunafuna mpata wodutsira m'chiguluchi. Ulendo woyamba sapeza pointi. Akazungulira bwalo n'kuwapezanso, m'pamene amayamba kuwerenga: pointi imodzi pa blocker aliyense wa timu inayo amene wamudutsa, ndipo chimene oyimbira amayang'ana ndi chiuno kudutsa chiuno, osati mutu kapena phazi. Ulendo umodzi sungapose mapointi 4.

Chigawo chimodzi chotere ndi jam, ndipo sichipitirira mphindi 2. Pakati pa jam ndi inzake pamakhala masekondi 30, ndipo masewera onse ndi zigawo ziwiri za mphindi 30. Jammer amene wayamba kutuluka m'chigulu mosalakwa amakhala lead jammer, ndipo ali ndi mphamvu yothetsa jam nthawi imene wafuna pomenya m'chiuno mwake ndi manja onse awiri mobwerezabwereza. Woyimbira amaliza wezulo kanayi. Chithunzi chimenechi ndi chokongola kwambiri pojambula, musachisiye.

Pali lamulo lina limene likugwirizana ndi nthano yanu ngati analipangira inu. Jammer akatopa kapena akatsekerezedwa, amaloledwa kuvula nyenyezi n'kuipereka m'manja mwa pivot wake, ndipo pivot uja amasanduka jammer mpaka jam itatha. Kuponya saloledwa, iyenera kuchoka m'dzanja kulowa m'dzanja. Mtsikana wa phazi lokula uja, tsiku limene adzasiye kukakamira, ana asamulembere mawu ambiri. Dzanja lake, dzanja la mnzake, kansalu pakati.

Kukankha kumene mukuonako kuli ndi malire. Amakankha ndi chiuno, phewa ndi thunthu. Manja, zigongono, mutu ndi mapazi saloledwa. Kumenya mnzako kumsana, kumutu kapena m'munsi mwa ntchafu n'kulakwa. Wolakwa amakakhala pampando masekondi 30, ndipo akalakwa ka 7 watuluka masewera onse. Ndipo ntchito ya blocker ndi iwiri nthawi imodzi, kutsekera jammer wa eni ndi kutsegulira wake njira. Anthu amaombera m'manja wa nyenyezi, koma pointi iliyonse imachokera kwa anayi aja. Atsikana anu atatu ali ndi chifukwa chenicheni chokwiyira.

Ku masewera a ana, bungwe la JRDA lili ndi magawo atatu. Gawo loyamba sagundana n'komwe, amangotsekereza njira ndi thupi. Lachiwiri amatsamirana n'kukankhana pang'onopang'ono popanda kugunda. Kugundana kwenikweni ndi gawo lachitatu. Atsikana ongoyamba ajambulidwe ali pa gawo loyamba.

Vuto limene ndikuliona ndi ili: ndi peyala imodzi simungasewere jam. Koma matimu enieni amayesereranso malamulo atavala nsapato wamba. Ndiye m'nthanomo jam aziisewera wapansi, onse, ataitana anzawo ena kuti akwane, atalemba bwalo ndi phulusa kapena choko, nyenyezi ataisoka pa kachigamba ka chitenje. Nsapato za matayala zikhale zolandizana, aliyense kuzungulira kangapo. Mukasakaniza wa matayala ndi oyenda pansi m'jam imodzi, ana owerenga akayesa zomwezo ndipo wina apondedwa zala.

Wojambula_Luchenza

Zikomo achemwali, nkhani ya nyenyeziyo yapereka kale chithunzi cha tsamba lomaliza. Madamu, za masamba ndi izi.

Kabuku kopinda pakati kamafuna masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi la A4 likapindidwa limapereka masamba 4 a A5. Kwa ana awiri a zaka 13 m'teremu imodzi, 24 ndi okwana. Aliyense akamatsiriza tsamba limodzi ndi theka pa sabata, atha m'masabata 8. Mukawapatsa 40 afika pa 15 n'kugwa ulesi, ndipo masamba omaliza, amene ndi ofunika kwambiri, adzakhala othamangitsa.

Asayambe ndi pepala labwino. Ayambe ndi timasamba tating'ono ngati bokosi la machesi m'kope lakale, onse 24, anthu ake ongokhala timitengo ndi timitu. Apa m'pamene mumaona ngati nthano ikuyenda. Kukonza kachithunzi kotere ndi mphindi imodzi, kukonza tsamba la inki ndi masana onse.

Tsamba lenileni alijambule pa A4, lidzachepetsedwa kufika pa A5. Asiye masentimita 1.5 m'mbali zonse, pakati pa mabokosi asiye mamilimita 5. Mabokosi asapose 6 pa tsamba, ndipo 4 kapena 5 ndiye bwino. Pensulo yopepuka poyamba, kenaka cholembera chakuda cha 0.5 pa anthu ndi 0.8 pa mizere ya mabokosi. Inki iume kaye asanafufute pensulo, apo ayi ipakika.

Cholakwika chimene ana onse amachita n'kujambula chithunzi kudzaza bokosi, kenaka n'kufinyira mawu pakona. Chichewa chili ndi mawu ataliatali. Liwu ngati "sindidzakubwerekaninso" palokha ladya theka la bokosi. Ndiye ndondomeko yake ndi iyi: mawu poyamba, baluni mozungulira mawuwo, chithunzi pamalo otsalawo. Baluni imodzi isapose mawu 12 kapena 15, ndipo liwu asalidule pakati. Zilembo zikhale zotalika mamilimita 4 mpaka 5 pa A4, kuti zikachepa zifike cha pa 3. Alembe zilembo zazikulu ndi zazing'ono monga za m'mabuku a kusukulu, mwana wa Sitandade 4 amawerenga zimenezo msanga. Woyamba kulankhula aime kumanzere kwa bokosi, chifukwa diso limayambira kumeneko. Akaima kumanja, yankho liwerengedwa funso lisanafunsidwe.

Tsopano chinthu chimene ine ndimachikonda. Chinenero chathu chinabadwa ndi mawu a makatuni. Palibe chifukwa cholembera phokoso la Chingerezi. Mwana akagwa, khu! Akagwera pa malata kapena pa benchi, gubudu! Miyendo pa matayala tsiku loyamba, njenjenje. Akatopa, wefuwefu. Aphunzitsi akatulukira, onse balala! Atakangana, m'kalasi muli zii, wina ali duu pakona, wina nkhope zyoli. Mawu amenewa alembedwe ndi dzanja, aakulu, kunja kwa baluni, ndipo maonekedwe ake atsatire tanthauzo: njenjenje wa mizere yonjenjemera, khu wonenepa wakuda, zii wamng'ono pakati pa bokosi lopanda kanthu. Auzeni ana afunse agogo awo ena. Mwana mmodzi m'nthanomo angamaponyemo liwu la Chilomwe apo ndi apo, monga zimakhalira kwathu kuno, bola tanthauzo lizioneka pa chithunzi.

Kusonyeza liwiro sikufuna luso lalikulu. Thupi lipendekere kutsogolo, mawondo opinda, dilesi ndi zingwe za nsapato ziulukire kumbuyo, mizere itatu kapena inayi kumbuyo kwa matayala. Kumbuyo kwa chithunzi asajambule chilichonse pamene munthu akuthamanga. Phiri, minda ya tiyi ndi mitengo ya bulugamu azisungire mabokosi odekha. Phiri likaoneka kamodzi pa tsamba 1, lalikulu, mtambo utaphimba nsonga, wowerenga adziwa kale kumene ali.

Atsikana anayi ovala yunifolomu imodzi amasokoneza. Aliyense akhale ndi chake chooneka ngakhale ali patali: wina wamtali wometa, wina wa juzi, wina wamfupi wonenepa, wina wa chikwama cha jumbo. Yesani kuwadetsa onse ndi inki ngati zithunzithunzi. Ngati simungawasiyanitse, abwerezenso.

Masamba a manambala ngati 1, 3, 5 amakhala kumanja, 2, 4, 6 kumanzere. Chodabwitsa chilichonse chikhale pa tsamba la kumanzere, kuti mwana achipeze atatembenuza, ndipo bokosi lomaliza la kumanja lizisiya funso. Masamba 12 ndi 13 ndiwo pakati penipeni, pepala limodzi losaduka. Pamenepo ikani bwalo lonse likuonekera kuchokera pamwamba, aliyense pamalo pake, timivi tosonyeza jammer, pivot ndi ma blocker. Malamulo onse amene achemwali afotokoza akwana pa chithunzi chimodzicho, ndipo simudzafunanso munthu woima n'kumalalikira malamulo masamba atatu.

Za phazi lokula, asalinene msanga. Pa tsamba 9 kabokosi kakang'ono, akumasula zingwe. Pa 11 wavula sokosi. Pa 15 ali yekha kuseri kwa kalasi, thuza pa chala chachikulu, palibe mawu. Owerenga adziwe anzake asanadziwe. Mkangano ubwere cha pa 17 ndi 18, ndipo tsamba 20 likhale lopanda liwu ndi limodzi lomwe. Pempho langa ndi lakuti pasatulukire mphunzitsi kapena agogo odzaweruza mlandu. Anawo akonze okha, ngakhale mosalongosoka. Ndipo mtsikanayo aloledwe kumva chisoni, chifukwa palibe chimene walakwa pokula.

Amakanika_Chonde

Ndiwonjezere za nsapatozo, kuti zijambulidwe zoona. Pa kaunjika pamapezeka mitundu iwiri, ya matayala ondondozana mumzere umodzi ndi ya matayala awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Ya roller derby ndi yachiwiriyi, yokhala ndi chilabala kutsogolo kwa chala. Komanso zambiri za ana zimakhala ndi batani lozikulitsira. Zanu zikhale za zingwe, zosakula, apo ayi mwana wochenjera afunsa chifukwa chake sanangodina batani.

Tayala lililonse lili ndi mabering'i 2, ambiri ndi a nambala 608, ndiye peyala yonse ndi 16. Fumbi la katondo wathuyu likalowamo tayala limalira khwee n'kuuma. Kukonza kwake: masulani nati, tulutsani mabering'i, tsukani mu parafini, aume bwinobwino, dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira ayi, amamata n'kukoka fumbi. Pomanga nati, limbitsani mpaka tayala lisiye kugwedera, kenaka bwezani pang'ono kuti lizizungulira lokha. Atsikana atakhala pakhonde ndi sipanala ndi kachitini ka parafini ndi tsamba labwino la ubwenzi.

Pa tayala pamalembedwa nambala. 78A ndi lofewa, la pansi pokhakhala. 88A kupita m'mwamba ndi lolimba, la simenti yosalala. Kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kamaimitsa tayala nthawi yomweyo munthu n'kupitirira yekha, choncho tsache liyambe ntchito nsapato zisanavalidwe. Simenti yopaka polishi imaterera pokhota, ndipo khonde lonyowa ndi chiperoni ndi chimodzimodzi.

Osewera enieni amavala helemeti, zoteteza mano, mawondo, zigongono ndi polumikizira dzanja. Siponji yomanga pabondo imaletsa kusupuka kokha, siiteteza dzanja kuthyoka. Kugwa kwabwino n'kogwera kutsogolo, mawondo opinda, zala zofumbata kuti tayala lisaziponde. Kugwa chagada utatsamiza manja kumbuyo n'kumene kumathyola mkono. Ndipo chonde, Madamu, pasakhale bokosi ngakhale limodzi la ana akuthamanga pa tala wa M2 pakati pa maminibasi ndi akabaza. Chimene chajambulidwa chimayesedwa.

Fotokope_Chitakale

Madamu, masamu ake kaye. Masamba 24 ndi mapepala 6 a A4 osindikiza mbali zonse ziwiri. Makope 80 ndi mapepala 480. Rimu ili ndi 500, ndiye otsala 20 sakwanira zoonongeka. Pezani mapepala ena 50 apadera, kapena tsitsani makope afike 75. Amakina amawerenga mtengo pa mbali, ndipo mbali zanu ndi 12 pa kabuku, zonse 960, osawerengera zikuto 80. Kambiranani mtengo wa zonse pamodzi musanayambe. Mkati pepala la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), chikuto khadi la 160 gsm la mtundu wowala ngati chikasu, kuti inki yakuda ioneke.

Masamba saikidwa motsatana. Awiri okhala mbali imodzi ya pepala akaphatikizidwa apange 25, ndipo la nambala yogawika ndi 2 likhale kumanzere nthawi zonse. Pepala loyamba: 24 ndi 1, kuseri 2 ndi 23. Lachiwiri: 22 ndi 3, kuseri 4 ndi 21. Lachitatu: 20 ndi 5, kuseri 6 ndi 19. Lachinayi: 18 ndi 7, kuseri 8 ndi 17. Lachisanu: 16 ndi 9, kuseri 10 ndi 15. Lomaliza: 14 ndi 11, kuseri 12 ndi 13. Pindani mapepala 6 akale, lembani manambala, mupite nako kakabukuka kwa amakina.

Ngati galasi la makina ndi la A3, gonekani masamba awiri a A4 moyandikana n'kuchepetsa pa 71%, atuluka pa A4 imodzi. Pangani mbali 12 zoyera bwino kamodzi, ndipo makope onse achokere pa zimenezo. Kope ya kope imadya mizere yopyapyala n'kunenepetsa zilembo. Sindikizani kabuku kamodzi kathunthu, pindani, werengani. Kuseri kukatuluka chadodolido, ndiye kuti pepala likutembenuzidwira mbali yaitali m'malo mwa yaifupi.

Kuda bii kumene mukuopa kumachokera ku mthunzi wa pensulo ndi makirayoni. Makina sadziwa zotuwa, amazisandutsa matope kapena kuzitaya. Khungu ndi mthunzi azisonyeze ndi timizere topyapyala totalikirana, nkhope aisiye yoyera mkati kuti maso ndi pakamwa zioneke. Malo akulu akuda ngati usiku amadya tona (inki ya makinawo) ndipo amatuluka mizeremizere, choncho asapose gawo limodzi mwa anayi a tsamba. Galasi lipukutidwe, kadontho kamodzi kabwera ka 80.

Chinyezi cha kuno ndi mdani wa pepala. Rimu yotsegula ikagona pansi pa simenti usiku umodzi wa chiperoni, mawa mapepala apindika, akodwa m'makina, tona osagwira. Isungeni m'pepala lake, m'jumbo, pa shelefu. Mapini a sitepula nawonso amachita dzimbiri n'kudya pakati pa kabuku, ndipo sitepula wamba safika pakati, pamafunika wa mkono wautali wofika masentimita 15. Bwino kusoka. Boolani mabowo atatu pa mpindo, limodzi pakati, ena masentimita 4 kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Ulusi wolimba wa masentimita 55. Yambirani mkati pa bowo lapakati kutuluka kunja, lowani pa lakumwamba, dumphani mkati momwemo mpaka lakumunsi n'kutuluka, bwererani mkati pa lapakati, mangani mfundo mokuta ulusi wautali uja. Ana 10 asoka makope 80 masana amodzi.

Madamu_Chisitu

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kope. Katsala kamodzi. Ana akulemba "masiketi" ponena nsapatozi. Tisiye choncho? Nanga jammer ndi blocker tiwamasulire?

Wojambula_Luchenza

Ayi Madamu, "masiketi" mwana aliyense awerenga zovala, makamaka m'nthano ya atsikana. Koyamba alembe "nsapato za matayala", kenaka atsikanawo azingoti "matayala", monga "lero matayala ndi anga". N'lalifupi, likwana m'baluni. Jammer angatchedwe "wanyenyezi", pivot "wamzere", ma blocker "otchinga", chifukwa ndi zimene wowerenga akuona pa chithunzi. Mayina a Chingerezi aja aikeni kamodzi kokha pa masamba 12 ndi 13, pansi pa timivi tija, kuti amene adzaonere vidiyo adzathe kugwirizanitsa. Dzina lakuti roller derby lisiyeni momwemo, ndipo alitchule mchemwali mwini foni uja m'baluni yake yoyamba.